Thumba la ana a kwanu lisayambire pa fizi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Iwo ndi anzawo ochokera dera limodzi, anthu 40, ali ndi gulu la pa WhatsApp losonkherana pakagwa zovuta. Tsopano akufuna kutsegula thumba lina, lothandiza ana a kwawo amene akhoza bwino MSCE koma alibe wowagwira dzanja. Aliyense walonjeza K5,000 pamwezi. Funso lawo ndi lakuti ayambe ndi ana angati, ndipo fizi azitumiza kwa ndani.

Mayi, tiyambe tawerengera, chifukwa magulu ambiri otere amafa asanagwire cholembera. Anthu 40 akamapereka K5,000 kwa miyezi 12, zimakwana K2,400,000. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wina ntchito idzamuthera, wina adzakwiya pa nkhani yosakhudzana ndi thumba n'kutuluka pagulu, wina azidzati mawa mpaka chaka kutha. Werengerani ngati opereka ndi anthu 28 okha, ndiye kuti muli ndi K1,680,000 pachaka. Digiri zambiri ndi zaka 4, za uinjiniya zaka 5. Mukamatenga mwana mmodzi chaka chilichonse, pofika chaka chachinayi mudzakhala mukusenza ana anayi nthawi imodzi, ndalama ili yomweyo. Gawani ndi 4, mupeza K420,000 pa mwana pachaka. Mu 2023 fizi ya ku UNIMA inakwera kufika K650,000 pachaka, ya ku KUHeS kufika K1,000,000. Choncho thumba lanu, mmene lililimu, silingalipire fizi ya mwana mmodzi watsopano chaka ndi chaka, ndipo apa sitinatchule lendi, chakudya kapena ulendo.

Musagwe ulesi. Chimene masamuwa akukuuzani n'chakuti fizi si malo anu. Fizi ili ndi mwini wake, bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 kuti lizikongoza ana osowa. Ndi ngongole, inde, mwana adzabweza akamaliza. Si onse opempha amene amalandira, izinso n'zoona. Komabe gulu la anthu 40 likamapikisana ndi bungweli pa fizi, likutaya mphamvu pamalo pamene pali kale wina, n'kusiya malo amene palibe aliyense.

Malo amenewo ali pakati pa tsiku limene MANEB yatulutsa zotsatira ndi tsiku limene ndalama yoyamba ya ngongole yalowa. Ana ambiri a kumudzi amagwera pamenepo, ndipo amagwa pa ndalama zochepa zochititsa manyazi. Kuti mwana asankhidwe ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, ayenera kufunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo pali ndalama yolipira. Ayenera kupeza intaneti, kujambulitsa mapepala, kukhala ndi chitupa cha unzika cha NRB chimene dzina lake likufanana ndi la pa zotsatira za MSCE. Mwana amene pa chitupa ndi wa dzina la agogo ake, pa zotsatira ndi wa dzina la bambo ake, adzavutika pakhomo lililonse mpaka izi zitakonzedwa, ndipo kukonzako kumafuna ulendo wa ku boma, mwina kangapo. Akasankhidwa, pali fomu ya ngongole, nayonso ili ndi nthawi yake yotsekera ndi umboni wake. Ngati makolo anamwalira, pakufunika chikalata cha imfa, ndipo m'midzi yathu ndi mabanja angati amene anakatenga chikalata chimenechi? Ngati mwanayo ankalipiriridwa ndi CAMFED, mpingo kapena khonsolo ali ku sekondale, kalata yotsimikiza zimenezo ndi umboni wamphamvu wa kusowa kwake, koma palibe amamuuza kuti akaitenge. Kenako afunika akaunti ya kubanki m'dzina lake, thiransipoti, zogonera, ndi lendi ya mwezi woyamba.

Nkhani ya lendiyi anthu a kunja kwa dziko saimvetsa. Amaganiza kuti mwana akasankhidwa ndiye kuti wapeza pogona ndi chakudya, monga zinkakhalira kale pamene boma linkadyetsa ophunzira. Nthawi imeneyo inapita. Malo ogona a pasukulu ndi ochepa kuyerekeza ndi ophunzira, ndiye ambiri amachita lendi kunja, a ku Zomba ku Chikanda, a ku Mzuzu ku Luwinga, ndipo eni nyumba amafuna ndalama patsogolo. Ngongole ikachedwa mwezi umodzi kapena iwiri, mwana amene fizi yake ili bwinobwino amagona pansi kwa mnzake ndi kudya kamodzi patsiku. Akalephera mayeso a semesita yoyamba, kumudzi timati mwana uja wayamba zachibwana. Kwa atsikana njala yomweyi ili ndi mtengo wina umene tonse tikuudziwa, ndipo amene amaugula ndi azibambo a galimoto amene amaima pageti madzulo.

Apa ndilankhule mosabisa, ngakhale ena pagulu panu sadzakondwa. Chifukwa chimene timakondera kulipira fizi n'chakuti fizi imaoneka. Pali lisiti, pali chithunzi, pali cheke chachikulu cha katoni chogwirizira anthu asanu. Kulipirira mwana basi yochokera ku Ntcheu kupita ku MUST ku Thyolo palibe amakuombera m'manja. Andale anatiphunzitsa khalidweli, kuitanitsa mwana wosauka kutsogolo kwa msonkhano, kumufunsa pa chimkuzamawu kuti bambo ake anamwalira liti, kulipira chaka chimodzi, kenako foni osayankhanso chisankho chikadutsa. Mwana wothandizidwa chaka chimodzi n'kusiyidwa amakhala pamavuto oposa amene sanayambe n'komwe, chifukwa wataya chaka, ali ndi ngongole kusukulu, ndipo pamene ankalemba fomu ya ngongole mwina sanalimbikire poti anali ndi omulipirira. Ndiye lamulo loyamba m'malamulo anu likhale lakuti mwana amene mwamutenga mwamutenga mpaka amalize. Lachiwiri likhale lakuti nkhope ya mwana ndi mbiri ya umphawi wa kwawo sizipita pa Facebook. Amene akufuna umboni aone malisiti.

Ndipo popeza tayamba kudandaula, tinene za kunyoza sukulu za ntchito zamanja. Magulu onga lanuli amafuna dokotala ndi loya basi. Mwana wa mapointi 26 amaonedwa ngati walephera, chonsecho ali ndi makrediti okwanira kupita ku Nasawa, Namitete, Soche kapena Lilongwe Technical kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kukaphunzira zamagetsi, zamipope kapena zowotcherera. Pali ma TTC a uphunzitsi wa pulayimale monga Machinga ndi Kasungu, pali Domasi ndi Nalikule a uphunzitsi wa sekondale, pali makoleji a unamwino a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Ndalama imene ingangokwana lendi ya mwana mmodzi mumzinda ikhoza kugulira wophunzira zamagetsi zida zake zonse zoyambira. Samalani ndi makoleji oima paokha. Musanatulutse tambala, onani pa mndandanda wa NCHE ngati kolejiyo ndi yovomerezeka, komanso ngati maphunziro enieniwo amene mwana akufuna ndi ovomerezeka, chifukwa izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Koleji ikhoza kukhala pamndandanda pamene digiri ina ya pomwepo palibe.

Kasankhidwe ka ana

Apa ndi pamene ubale umathera. Mukasiyira mfumu yokha, kapena m'busa yekha, kapena wapampando wa gulu lanu, mwana woyamba adzakhala mphwake wa winawake, ndipo mwezi wotsatira opereka adzatsika kuchoka pa 28 kufika pa 10. Komiti yosankha ikhale ya anthu asanu kapena asanu ndi awiri okhala kumudzi komweko: mphunzitsi wamkulu wa CDSS ya m'deralo, mmodzi wa ku komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kapena ya m'mudzi (VDC), mmodzi wa gulu la amayi a pasukulu, ndi ena amene gulu likuwakhulupirira. Mukhozanso kupempha wa ku ofesi ya Social Welfare kuti akuthandizeni, popeza iwo ndi amene amayendetsa kale bazale za khonsolo ndipo amadziwa mabanja amene akulandira kale thandizo kwina. Amene ali ndi m'bale pakati pa ofunsira atuluke panja nkhani ya mwanayo ikamakambidwa, ndipo mlembi alembe kuti anatuluka.

Musasankhe ndi mapointi okha. Pa MSCE amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, ndipo mapointi ochepa ndiwo abwino, koma mapointi 18 a mwana wa pa CDSS yopanda labotale, woyenda wapansi makilomita angapo tsiku lililonse, ndi olemera kuposa 12 a mwana wa sukulu yogonera pompo. Lembani mfundo zanu chilengezo chisanatuluke: wochokera m'midzi yakutiyakuti, wolemba MSCE pa sukulu zakutizakuti, wokhala ndi kalata yosankhidwa kapena amene akufunsira malo, ndipo anthu awiri a m'komiti akafike pakhomo pake. Kalata ya mfumu yonena kuti banja ndi losauka aliyense akhoza kuipeza. Denga la nyumba ndi nkhokwe sizinama. Chilengezo chiwerengedwe ku matchalitchi ndi kumzikiti, chimatidwe pa sukulu ndi pa chipatala, osati pa WhatsApp pokha, chifukwa mwana amene mukumufunayo alibe foni.

Kasungidwe ka ndalama

Thumba la sukulu lisakhale m'akaunti imodzi ndi la maliro. Maliro sadikira, ndipo tsiku lina usiku wina adzati tibwereke kaye ya ana asukulu tigule bokosi, tidzabweza. Sidzabwezedwa. Tsegulani akaunti m'dzina la gulu, osayinira atatu, awiri aliwonse asayine ndalama isanatuluke, ndipo osayinirawo asakhale a banja limodzi. Banki idzafuna malamulo a gulu ndi zolemba za msonkhano umene munasankhirapo osayinira, ndipo kulembetsa gulu ku khonsolo ngati bungwe la m'dera (CBO) kumafewetsa zimenezi. Ndalama yochokera ku Joni, kaya pa Mukuru kaya njira ina, isamaime pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma kudikira kuti ichuluke. Pamenepo ndi pamene munthu wokhulupirika amasanduka wakuba asakufuna, poyamba ndi K10,000 ya feteleza. Ndipo musaikongoze ku banki m'khonde kuti iswe. Mwezi umene sukulu ikutsegula ndi womwewo umene okongola amati chimanga sichinagulidwe.

Kumbukiraninso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. K5,000 ya lero si K5,000 ya chaka chachinayi cha mwana. Inu amene mumalandira malipiro mu randi lonjezani mu randi, ndipo a kumudzi chopereka chawo chiziunikidwanso chaka chilichonse pa msonkhano waukulu. Chaka choyamba sonkhani osatenga mwana wolipirira mokwanira, kuti mukhale ndi ndalama ya chaka chathunthu yogona m'akaunti musanalonjeze munthu.

Tsono yankho la funso lanu, mayi. Chaka choyamba patulani K300,000 kapena kuchepera apo, muthandize ana onse a m'dera lanu amene ali ndi makrediti 6 kuphatikizapo Chingerezi kuti afunsire malo ku NCHE ndi ku makoleji ena, akonze zitupa, ndipo alembe fomu ya ngongole nthawi isanathe. Pezani wophunzira wa kwanu amene ali kale ku yunivesite akhale nawo pansi posankha maphunziro, chifukwa ana ambiri amalemba zaudokotala ndi zamalamulo zokhazokha n'kutsala onse, pamene mapointi awo akanawalowetsa kwina. Kuyambira chaka chachiwiri tengani mwana mmodzi pachaka, mumuthandize ulendo, zogonera, lendi ndi chakudya, makamaka miyezi yoyamba ya semesita. Ngati mwana amene mwamutenga wakanidwa ngongole ndipo mwaganiza zomulipirira fizi, chaka chotsatira musatenge wina.

Fizi isadutse m'manja mwa mwana kapena kholo. Ikani ku akaunti ya sukulu imene yalembedwa pa kalata yomuitana, ndipo pa silipi lembani dzina lake lonse ndi nambala yake ya pasukulu. Nambala ikasowa kapena ikalakwika, ndalama imalowa koma osadziwika mwini, mwana n'kuletsedwa kulembetsa maphunziro kapena kulowa m'mayeso mpaka atapita ndi silipi ku ofesi ya zachuma, ndiye silipi yeniyeni ikhale kwa mwana, chithunzi chake kwa mlembi. Lendi izipita kwa mwini nyumba. Ya chakudya izipita kwa mwana mwezi ndi mwezi, osati ya semesita yonse pakamodzi. Mwana ndi womuyang'anira asayine pepala lonena kuti azitumiza zotsatira semesita iliyonse komanso kuti azifunsiranso ngongole nthawi iliyonse imene bungwe la HESLGB lalengeza. Pa pepala lomwelo lembani zimene mudzachite akapeza sapu (kulembanso mayeso a phunziro limene walephera), akabwereza chaka, akadwala kapena akatenga pakati, ndipo mugwirizane zimenezi tsopano pamene mwanayo sanadziwike kuti ndi wa ndani.