Kwa mdzukulu amene mtima wakana kuchoka ku Chinsali

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga. Ukuti mpingo unakutuma ku Chinsali, kumpoto kwa Zambia, kukatumikira zaka ziwiri pakati pa Abemba, ndipo nthawi yatsala pang'ono kutha koma mtima wako wakana kubwerera. Mayi ako akulira kuti eni dziko awalanda mwana. Ndiye ukufunsa ngati kukonda anthu a mtundu wina chotere ndi kugalukira kwanu.

Si kugalukira ayi. Ndikanada nkhawa ukanandilembera kuti ukungowerenga masiku oti uchokeko. Mlaliki wosakonda anthu amene akuwalalikira, anthuwo amamudziwa msanga, ndipo mawu ake amangothera m'tchalitchi momwemo.

Njira ukuyendayo adaiponda ena kale, kuderalo komweko. David Kaunda anali Mtonga wa kuno kwathu, wophunzira ku Livingstonia. Adapita ku Chinsali mu 1904 pamodzi ndi anzake kukalalikira, kenako adakhazikika, nayamba ntchito imene idabala mishoni ya Lubwa. Sadabwerere kudzakhala kuno. Iye ndi mkazi wake Helen adalera ana awo kumeneko, ndipo Kenneth, wobadwa mu 1924, ndiye adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia mu 1964. Bambo David Kaunda adamwalira mu 1932 ali pantchito yomweyo. Palibe Mkhristu wa kuno amene amati munthu uja adataya kwawo.

Komabe ndikufunse: chimene wakondacho ndi anthuwo, kapena ulemu umene akukupatsa? Pajatu iwe udakali mlendo, mlendonso wa Mulungu. Ukafika pakhomo amakutulutsira mpando eni ake ali pamphasa, mwana amagwada kukuthira madzi m'manja, ubwali (nsima yawo) wotentha ndi ifisashi (ndiwo zamasamba zotendera) zimayambira kwa iwe, nkhuku ikaphedwa chiwalo chabwino ndi chako. Zoterezi ndani sangazikonde? Koma kodi udayang'anapo kuseri kwa nyumba kuti uone amene akudya zotsala zako? Udagwirapo khasu kumanda pamodzi ndi anyamata anzako? Udagonapo pamaliro pabwalo, mwezi wa June, chisanu chikulowa m'mafupa? Alipo mkulu wa kumeneko amene adakudzudzulapo pamaso, iwe n'kumva kuwawa, m'mawa mwake n'kupitanso kukamupatsa moni? Tsiku limene adzasiye kukutulutsira mpando n'kukutuma kuti ukatole nkhuni, pamenepo ndiye udzadziwe ngati ukuwakonda.

Chiyankhulo usachitenge mwachibwana. Moni ndi nyimbo ziwiri zitatu si kudziwa Chibemba. Ngati ukulalikirabe ndi womasulira, ndiye kuti nkhalamba ya kumeneko singakuuze zakukhosi popanda munthu wachitatu kumva. William Koyi, Mxhosa amene adachoka ku sukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia, Angoni a M'mbelwa adamulandira pamene Azungu ankawakayikira, chifukwa ankamvana naye pakamwa ndipo ankadziwa kukhala pansi pamaso pa mafumu. Adafera ku Njuyu mu 1886. Angoniwo sankamuona ngati wongodutsa.

Pali vuto limene limagwira achinyamata akakonda malo: amayamba kudziyesa eni mudzi. Kwa eni kulibe mkuwe, mdzukulu wanga. Milandu ya ufumu, ya malire a minda, mikangano ya akuluampingo imene idayamba iwe usanabadwe, usaikepo mlomo, ngakhale mbali ina ikukokere ndi mawu okoma. Ukaona akudula nthambi za mitengo, kuziunjika ndi kuzitentha mvula isanagwe, usathamangire kuguwa kukadzudzula. Yamba wafunsa. Adzakuuza kuti dothi lawo ndi losabereka, ndipo phulusalo ndilo limapatsa mphamvu mawere. Ngati pali chofunika kusintha, adzakumvera ukadzalima nawo. Ndiponso leka kujambula ana a eni ovala zong'ambika n'kumawaika pa Facebook kuti anthu akuyamikire. Mwana wa mlongo wako sungamuchite zotero.

Kalata yako sinatchule mtsikana, koma ndine wamkulu, ndiyankhulepo. Ngati alipo, usachite zamseri. Mtumiki akalakwitsa mwana wa eni, manyazi amagwera mpingo umene unamutuma ndi Amalawi onse amene adzabwere pambuyo pake. Abemba ali ndi dongosolo lawo: pamafunika shibukombe wokuyankhulira, pamaperekedwa insalamu (chikole), ndipo mtsikana amalangizidwa ndi banacimbusa (anamkungwi awo). Iwonso mtundu amatsata kuchikazi ngati ife Achewa, choncho ana ako adzawerengedwa mbumba ya kumeneko. Amalume ako ayenera kudziwa zimenezi nkhani isanapite patali, ndipo ankhoswe a kwanu akaonekere ndi maso, asamangomveka pa foni.

Usaganizenso kuti chikondi chimafafaniza zakuti ndiwe mlendo. Kenneth Kaunda adabadwira ku Lubwa, nalamulira dziko zaka 27, koma mu 1996 malamulo adasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sadali a ku Zambia asapikisane nawo pa upulezidenti, ndipo aliyense ankadziwa amene akumulozayo. Ngati zidagwera munthu wotero, mwana wako angadzamve mawu omwewo pa mkangano wa munda. Sindikukuopseza. Ndikufuna usankhe maso ali poyera, mapepala ako a boma ali olongosoka, osadalira kuti poti anthu amakukonda ndiye zonse zili bwino.

Tsono za mayi ako. Misozi yawo usaiyese kusowa chikhulupiriro, ndipo usawayankhe ndi mavesi. Akufunsa zinthu zoona: akadwala adzawatengera kuchipatala ndani, adzukulu adzawaona liti, iwe ukadzafa udzaikidwa kuti. Ndaonapo ana ena akabwera kutchuthi, pakamwa pali "kumene ndili kuja anthu ndi achikondi, osati kuno." Mawu amenewo amalasa mtima wa kholo. Ulemu umene Abemba akukuyamikira nawo udauphunzira pakhomo pa mayi akowo.

Zaka ziwirizo zikatha, bwera. Nkhani yotere sitikambira pa WhatsApp. Ukhale kwanu miyezi ingapo, ulime nawo, ukonze denga ngati likudontha, kenako uwauze amalume ako poyamba kuti iwo akakhale nawe pansi pamodzi ndi mayi ako. Ukatero upite kwa abusa ndi akuluampingo amene adakutuma, ukapereke lipoti la ntchito, upemphe kuti akutumenso ndi kalata. Mugwirizane pamaso pa onse kuti uzibwera kangati, ndi thandizo lanji limene uzitumiza kunyumba. Mtima ukadzakhala ukukokerabe ku Chinsali zonsezi zitachitika, pita, ndipo chaka chotsatira udzawatenge mayi ako akaone anthu amene akukusungira.