Mafunso a Owerenga: Kodi Sukulu Yathu Igule Bolodi la Kompyuta?

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mufakose mu Harare, ndipo chaka chino makolo anzanga anandisankha kukhala m'komiti yoona za chitukuko cha sukulu ya pulayimale kumene ana anga amaphunzira. Pamsonkhano wapitawu kunabwera munthu wogulitsa mabolodi olumikizidwa ku kompyuta, amene aphunzitsi amawatchula kuti smartboard, ndipo anatisonyeza mmene mwana angalembere ndi chala n'kumasuntha zithunzi pabolodipo. Aphunzitsi aakulu akufuna kuti makolo tisonkhe ndalama zogulira awiri, koma makolo ena akuti kumeneko n'kuwononga ndalama pamene ana atatu akulimbirana buku limodzi. Kodi ine ndiime mbali iti?

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke, chifukwa ambiri amafunsa bolodi litakhomedwa kale pakhoma. Chipangizochi si chachilendo monga mmene ogulitsa amachionetsera. Kampani ya SMART Technologies ya ku Calgary, m'dziko la Canada, inatulutsa bolodi lake loyamba mu 1991, ndipo dzina lakuti smartboard linachokera kumeneko, ngakhale kuti makampani ena, monga Promethean imene inayambira ku England, amapanganso awo. Masiku ano alipo a mitundu iwiri. Mtundu wakale ndi bolodi loyera limene limalandira chithunzi kuchokera ku pulojekita yopachikidwa kudenga, pamene mtundu watsopano ndi sikirini yaikulu yonga wailesi yakanema, kawirikawiri ya mainchesi 65, 75 kapena 86, imene siifuna pulojekita. Mufunse wogulitsayo kuti akukupatsani mtundu uti, pakuti babu la pulojekita limapsa likagwira ntchito maola masauzande ochepa chabe, ndipo kugula lina si kotchipa.

Ubwino wake ulipo ndithu, ndipo sindikufuna kuuchepetsa. Ndinaonapo mphunzitsi wina wa Giredi 5 akuphunzitsa masamu a zigawo: anajambula buledi pabolodi, n'kuitana kamtsikana kamanyazi ka kumbuyo kuti kadzamudule ndi chala m'magawo anayi ofanana, kenaka kakokere gawo limodzi pambali. Katalakwitsa, anzake anakuwa, iko kanabweza ndi kukhudza kamodzi kokha n'kuyambiranso, ndipo pomaliza kalasi yonse inaona ndi maso kuti magawo awiri mwa anayi ndi theka. Phunziro lotere likhoza kusungidwa m'kompyuta n'kudzatsegulidwanso mawa, zimene zingathandize kwambiri m'sukulu zathu za kuno kumene ana ena amalowa m'mawa ena masana chifukwa cha kuchepa kwa zipinda. Pa sayansi palinso mapulogalamu aulere, monga PhET ya ku University of Colorado, imene imaonetsa mmene magetsi amayendera m'waya, ndi GeoGebra ya masamu, ndipo onsewa mukhoza kuwaika m'kompyuta kuti azigwira ntchito ngakhale popanda intaneti.

Koma ndinaonanso, pasukulu ina imene sindiitchula, bolodi lokwera mtengo likugwira ntchito ya nsalu yoyera basi: mphunzitsi anaonetsapo tsamba la manotsi, ana n'kumakopera m'makope mwakachetechete monga momwe akanachitira ndi bolodi la choko. Vuto limeneli si la kwathu kokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 boma la Britain linathira ndalama zambiri pogulira sukulu mabolodiwa, koma lipoti la ofufuza a Institute of Education ku London, limene linatuluka mu 2007, silinapeze umboni wakuti ana a m'sukulu za sekondale za mumzindawo anayamba kukhoza bwino m'chaka choyamba chifukwa cha mabolodiwo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere ya pano ndi yakuti wogulitsa amaphunzitsa aphunzitsi tsiku limodzi lokha n'kumapita, pamene luso lokonza phunziro loti ana azifika pabolodi limatenga miyezi.

Nkhani imene ndikufuna muiike patsogolo pamsonkhano wanu ndi ya magetsi. Ife a mu Harare sitifunika kuuzidwa: mu 2019 magetsi ankathima mpaka maola 18 patsiku, ndipo chakumapeto kwa 2022 zinavutanso madzi atachepa m'damu la Kariba, kumene amapanga magetsi. Nthawi zambiri amathima usana, pamene ana ali m'kalasi, n'kubwera usiku pamene sukulu yatsekedwa. Choncho mtengo weniweni wa bolodi si umene wogulitsa analemba papepala paja, chifukwa pamwamba pake muyenera kuikapo mapanelo a sola, inveta (chipangizo chosintha magetsi a sola kukhala onga a pakhoma) ndi batire zokwanira kuyendetsa bolodi ndi kompyuta tsiku lonse la sukulu, komanso kachipangizo koteteza bolodi kuti lisapse magetsi akabwera mwamphamvu. Muwerengerenso zitsulo za m'mawindo ndi chitseko cholimba, popeza katundu wotere amakopa akuba, ndiponso makatani, chifukwa dzuwa la mwezi wa Okutobala likalowa pawindo chithunzi cha pulojekita chimafifirika moti ana a kumbuyo saona kanthu.

Maganizo anga ndi akuti musagule awiri. Ngati ndalama ilipo mutagula kale mabuku ofunika, gulani limodzi la mtundu wa sikirini, muliike m'chipinda chotetezeka chokhala ndi sola, ndipo makalasi azilowamo mosinthana motsatira ndandanda. Musankhe aphunzitsi awiri kapena atatu amene ali ndi chidwi kuti aphunzire mozama, iwowo ndiwo aziphunzitsa anzawo. Musanasaine chilichonse, wogulitsayo alembe papepala kutalika kwa chitsimikizo cha katunduyo, amene adzalikonze likawonongeka ndi kumene amapezeka muno mu Harare, ndiponso ngati pulogalamu yake imafuna kulipiridwa chaka ndi chaka. Pakatha chaka, komiti idzafunse kuti chipindacho chalowedwa kangati pa sabata, ndipo yankho limenelo ndilo lidzakuuzeni ngati lachiwiri likufunika. Ndipo chonde, Mayi, musalole kuti achotse bolodi la choko pakhoma, chifukwa ilo silidikira magetsi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Highfield. Sukulu yathu inalandira bolodi la pulojekita, koma ndikalemba, mzere umatulukira pambali pa pamene ndakhudza, ndipo ana amaseka. Kodi lawonongeka? Komanso ambiri mwa ana anga ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi. Kodi lingandithandize kuwaphunzitsa Chichewa?

YANKHO: Aphunzitsi, musadandaule, bolodilo mwina silinawonongeke. Zimenezi zimachitika pulojekita ikasuntha pang'ono, mwina chifukwa cha kumenyetsa chitseko kapena wina atagunda poyeretsa. Mu pulogalamu ya bolodilo muli malo olembedwa kuti calibrate kapena orient. Mukatsegula pamenepo pamaoneka timadontho kapena timitanda, ndipo inu mumakhudza pakati penipeni pa kalikonse motsatizana, ntchito yosatha ngakhale mphindi ziwiri. Ngati vutolo likubwerabwera, muonetsetse kuti chitsulo chogwira pulojekita n'chomangika bwino, ndipo mupukute fumbi m'mphepete mwa bolodi ndi nsalu yofewa youma, chifukwa mabolodi ambiri amazindikira chala pogwiritsa ntchito timaso tokhala m'mbalimo, ndipo fumbi la choko limatiphimba.

Za Chichewa, muli ndi ufulu wonse, popeza malamulo aakulu a dziko lino la Zimbabwe a 2013 amachitchula pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Chovuta n'chakuti maphunziro okonzedwa kale amene amabwera ndi mabolodiwa ndi a Chingerezi, choncho a Chichewa mudzayenera kukonza nokha, koma apa ndi pamene bolodili limathandizadi. Lembani maina monga munthu, mtengo, chingwe ndi nyumba mbali imodzi, ndipo mbali ina muike mawu akuti wabwino, chabwino ndi yabwino, kuti ana azikoka ndi chala n'kugwirizanitsa. Mukhozanso kupempha agogo ena a m'deralo, mwachilolezo chawo, kuti muwajambule mawu pafoni akukamba nthano, n'kudzaiseweretsa m'kalasi mawu ake akuoneka pabolodi, ana n'kumadula mzere pansi pa mawu amene sakuwadziwa kuti akafunse kunyumba.