Musanagwire sandipepa, yambani mwadziwa chimene chili pansi pa chrome

Bambo, mwafunsa ngati mungapale ndi sandipepa mbali yonyezimira ya dashibodi ya pikapu yanu yakale, imene yachita madontho a dzimbiri ndi timatuza, kenako n'kupoperapo penti ya chrome ya m'chitini. Ndikupempheni kuti sandipepayo muyambe mwamuika pambali, chifukwa chrome, chitsulo chonyezimira chimene amakutira pamwamba, ndi yopyapyala kwambiri, kawirikawiri sikwana ngakhale micron imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo ikangopalika palibe njira yoibwezera ndi manja. Kuwala kumene mumaona kumachokera makamaka ku chitsulo china chotchedwa nickel chimene chili pansi pake, ndipo pa ntchito yolongosoka pansi pa nickel pamakhalanso mkuwa.

Chotsani mbaliyo m'galimoto, koma muyambe mwamasula waya wa negative pa batire, mujambule mawaya onse ndi foni, ndipo musamale pomasula chingwe cha speedometer. Mukaitulutsa, yang'anani kumbuyo kwake ndi kuyesa ndi maginito. Maginito akamata mwamphamvu, ndiye kuti ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi chrome, ndipo muli ndi mwayi. Tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda, kenako pukutani pang'onopang'ono ndi steel wool yofewa kwambiri ya 0000 pamodzi ndi polishi wa chrome, mutayesa kaye pakona posaonekera. Dzimbiri lambiri limene limaoneka pamwamba limakhala lotuluka m'timabowo ting'onoting'ono n'kumwazika, kotero likachoka mudzapeza kuti malo owonongeka enieni ndi ochepa kuposa mmene mumaganizira. Pomaliza pakani phula la galimoto kuti chinyontho chisalowenso m'timabowomo.

Nkhawa yanga ili pa timatuza mwatchulato. Ngati maginito sakumata pomwe mbaliyo ndi yolemera ndiponso yozizira m'manja, n'kutheka kwambiri kuti ndi zinc youmbidwa m'chikombole, imene okonza magalimoto akale amaitcha pot metal. Chitsulo chimenechi chimawonongeka kuyambira mkati, monga mmene anankafumbwe amadyera chimanga chikuoneka chabwino kunja. Mukaboola katuza kamodzi ndi nsonga ya singano mudzaona fumbi loyererako ndi kadzenje pansi pake, ndipo palibe polishi amene angachotse zimenezo. Akatswiri okuta zitsulo amachotsa chrome ndi nickel yense, amakumba kadzenje kalikonse mpaka afike pa chitsulo chabwino, amakuta ndi mkuwa, amatseka maenjewo ndi solder (chitsulo chofewa chosungunuka msanga), amasalaza, ndipo akatero ndiye amaikanso nickel ndi chrome. Musayerekeze kutenthetsa pot metal ndi moto wowotcherera zitsulo, pakuti imasungunuka kutentha kukangofika pafupifupi madigiri 400 Celsius, ndipo imagwa mwadzidzidzi popanda kufiira kaye. Kukuta chrome yeniyeni si ntchito ya kunyumba, chifukwa mankhwala a hexavalent chromium amene amagwiritsidwa ntchito amayambitsa khansa. Mukapereka ntchitoyo kwa katswiri, muwauze kuti ateteze malembo, timizere ndi mabowo a maswitchi, chifukwa kusalaza kwambiri kumafafaniza malembo pomwe mkuwa wochuluka umachepetsa mabowo.

Mbaliyo ikakhala yopepuka, ndi aluminiyamu kapena pulasitiki. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 opanga magalimoto ambiri anayamba kugwiritsa ntchito pulasitiki m'madashibodi, ndipo chonyezimira chake nthawi zambiri si chrome ayi, koma kanthu kopyapyala ka aluminiyamu koikidwa m'makina opanda mpweya. Pamenepa steel wool kapena polishi zimachotsa kuwala konse m'kanthawi kochepa, choncho gwiritsani ntchito nsalu yofewa ndi madzi a sopo basi. Aluminiyamu weniweni yekha ndiye amalola sandipepa, ndipo amafuna kuti muyambe mwachotsa chikopa chake cholimba cha anodizing, kenako mupale ndi madzi kuyambira sandipepa wa nambala 400 mpaka wosalala kwambiri wa nambala 2000 musanapolishe.

Za penti ya m'chitini ndinene mosabisa kuti imaoneka ngati siliva, osati ngati kalilole, ndipo mukapoperapo clear (penti yoonekera yotetezera) pamwamba imazilala n'kukhala yotuwa. Komabe pa pulasitiki yofufuma kale ndi yabwino kusiyana ndi kuisiya choncho, ndipo imawala bwinoko ikapoperedwa mopyapyala pamwamba pa penti yakuda yonyezimira imene yauma bwinobwino. Timizere takuda ta pakati mutipake pomaliza ndi kaburashi kakang'ono, n'kupukuta penti yosefukira isanaume. Tumizani chithunzi cha kumbuyo kwa mbaliyo ndi kutiuza ngati maginito amata, kuti tikuuzeni njira yoyenera pa zinayi zimenezi.