Wafunsa za mafuta a ziphuphu, koma ine chandigwira ndi pabalaza pamene ukugonapo

Mdzukulu wanga wa ku Chibavi mu Mzuzu muno, uthenga wako andiwerengera dzulo madzulo tikuotha mbaula, poti maso angawa tizilembo ta pafoni sakutionanso. Ukuti uli ndi zaka 14, uli Fomu 1, nkhope yadzaza ziphuphu moti mkalasi umakhala kumbuyo, ndi mayi ako mukungokangana tsiku ndi tsiku pa nkhani za mbale ndi tsache, nthawi zina umangolira osadziwa chomwe ukulirira, nde ukufuna ndikuuze mafuta abwino okagula ku msika wa Taifa kuti nkhope isalale. Wanenanso mongodutsa kuti nyumba yanu ndi ya lendi ya chipinda chimodzi, iwe umagona pabalaza ndi alongo ako awiri aang'ono, ndipo azakhali ako a ku Luwinga mumaonana pa Khirisimasi basi.

Za mafutazo tithane nazo msanga poti si nkhani. Usagule. Ziphuphu pa msinkhu wakowo ndi mafuta a thupi lako lomwe amene achuluka chifukwa thupi layamba ntchito yachikulu, timabowo ta pakhungu timatsekeka nde zimatuluka. Uzisamba kumaso mmawa ndi madzulo ndi sopo wamba, osazifinya ndi zikhadabo chifukwa chipsera chimakhalitsa kuposa chiphuphu chenichenicho, ndipo zodzola zonenepa zija uchepetse kumaso olo kuzizire bwanji. Aja oyeretsa khunguwa ife tinawaona kale mma 70, akazi nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola, lero ena mwa iwo masaya anachita kupsa ngati kunsi kwa mphika. Zikafika potupa ndi mafinya upite kuchipatala cha Mapale akakuone. Yatha imeneyo.

Koma pabalazapo mwanawe. Mtsikana wa zaka 14 pamphasa imodzi ndi alongo ake, makolo kuseri kwa katani kapena kachitseko kapulayi, iwe umavalira pati? Ukakhala kumwezi umasinthira pati? Ndipo tsiku lija unayamba, unathamangira kwa ndani? Izi ndi zimene unayenera kundifunsa.

Kwathu ku Dowa mwana wamkazi akangofika zaka 9 kapena 10, mabere asanayambe nkomwe kuloza, amanyamula kamphasa kake kuchoka mnyumba ya amake kukagona kukuka kwa agogo. Sikuti wathamangitsidwa ayi, nsima amakadya komweko kwa amake, madzi amatungira amake, koma tulo ndi kwa agogo. Anyamata nawo kugowelo, ena amati mphala. Titabwera kuno mu 1976, agogo ako aamuna atapeza ntchito yoyendetsa lole, Mzuzu akadali katauni kakang'ono kozunguliridwa ndi nkhalango, paja dzina loti mzinda anaupatsa mu 1985, ndinapeza kuti anzathu Achitumbuka nawonso ali nazo zomwezi, atsikana ku nthanganeni anyamata ku mphara, ndipo mwana akakula nkhani amakaitula kwa ankhazi, mlongo wa bambo. Ndinati ooo, kani nzeru imeneyi si ya Achewa okha.

Mkuka mwathu timagonamo atsikana asanu ndi awiri, ena abale ena a mmudzi chabe. Moto pakati, utsi kuwawa mmaso, agogo pakona ndi kabotolo kawo ka fodya wa mphuno. Timayamba ndi nthano, padangokhala, tili tonse, kenako ndagi, ana aang'ono akagona nde nkhani zimasintha. Wamkulu wina amvekere agogo bere langa limodzi likupweteka ndipo lakula kuposa linzake, agogo kuseka, ati limayamba limodzi mwanawe linalo likubwera, sizitulukira tsiku limodzi ngati bowa. Wina za tsitsi la kukhwapa, wina za fungo la thukuta, wina za mnyamata amene wamuponyera kamwala kuchitsime. Ife aang'onofe tadzifunditsa nsalu ngati tagona chonsecho makutu ali tcheru, nde pofika nthawi yako zambiri umakhala unazimva kale mkamwa mwa anzako. Mwezi ukawala timatuluka kukavina chimtali mpaka agogo kutikuwira.

Ine zinandipeza mu 1968 ndili ndi zaka 15, kudimba tikuthirira mpiru. Ana a masiku ano mukuyamba msanga, ena 11 ena 12, zonsezo nzabwinobwino. Ndinasiya chidebe pomwepo, nyumba ya amayi ndinaidutsa ngati sindikuidziwa, ulendo kwa agogo. Iwo atandiyang'ana anangoti eee mkazi mnzanga wakula, lero mwamuna wanga ndimubise. Ndinaseka misozi ili mmaso. Paja agogo ndi mdzukulu wamkazi ndi akazi a mwamuna mmodzi pa nthabwala, ndipo nthabwala imeneyo siyachabe, ndi imene imachotsa manyazi. Mayi ako sangakuuze zimene agogo angakuuze, pakamwa pamalemera, ndipo iwenso sungawafunse. Anatikonzera dala makolo kuti pakhale munthu wachitatu amene ukhoza kumuvulira chilichonse osagwetsa nkhope. Amayi anga nkhaniyo anaimvera kwa anamkungwi, ine ndi iwo sitinakambiranepo mpaka anamwalira, koma tsiku lomwelo ananditumizira nsalu yatsopano ndi nkhuku.

Ndinakhala mnyumba mpaka ndinatsiriza, pafupifupi sabata. Anamkungwi amabwera madzulo, kundiphunzitsa kavalidwe ka nyanda, kachapidwe kake, poyanika poti mwamuna asaone, kuti kuchipinda kwa makolo ndatsiriza kulowako, kuti bambo sindiwakhalanso pamwendo, kuti ndikakumana ndi akulu panjira ndizipatuka ndi kunjuta. Potuluka anandimeta mpala nkundiveka mikanda. Mpaka lero ndikamva fungo la utsi wa zitsononkho ndimakumbukira sabata imeneyo.

Nkhani ya mchere ija ndikudziwa mumaiseka, kuti mkazi akakhala kumwezi asathire mchere mndiwo anthu angadwale tsempho. Anamwino amati mchere sudwalitsa munthu mwa njira imeneyo ndipo ine sindilimbana nawo. Koma taona mmene zimayendera. Ndikuphika, ndaitana kamwana kuti bwera undithirire mchere, basi agogo ali pakhonde amva, amayi amva, palibe wanena kanthu koma nyumba yonse ya akazi yadziwa kuti mwana ali bwino mwezi uno, ndipo mawa lake samanditumanso kunkhuni kutali. Mwezi ukadutsa, wachiwiri, mtsikana akungothira yekha mchere, agogo amamuitanira kuseri mimba isanaoneke. Lero mwana amafika miyezi isanu atamanga juzi mchiuno, poti kuno kozizira juzi sadabwa nayo, mayi ake osadziwa kanthu, kudzamvera kwa aphunzitsi.

Ndipo poti ndatchula kuzizira, imva iyi. Mu June ndi July muno mawawa amatha kugwa masiku atatu dzuwa osaoneka. Ngati umagwiritsa nsalu kapena mapadi ochapa aja, usamabise zonyowa kunsi kwa mphasa chifukwa choopa alongo ako, zimenezo nzimene zimabweretsa kuyabwa ndi fungo. Ziume gwa, ngati dzuwa kulibe usite ndi simbi yamakala. Chaka choyamba kapena ziwiri masiku amasokonekera, mwezi wina kudumpha, usaope. Zikakhazikika ambiri amazungulira masiku 28, ena kucheperapo ena kupitirira. Uzilemba kuseri kwa kope. Mmimba mukapota, botolo la madzi ofunda pamchombo ndi panado, koma ukamataya magazi ambiri mpaka chizungulire usapirire, kuchipatala.

Tsopano za mayi akowo. Matako saleka kuperesana mwanawe, nanji akazi awiri pa mbaula imodzi mkanyumba kamodzi. Ifenso mkwiyo umenewo timakhala nawo, kungomva amayi akuitana dzina lako mtima fwaa, koma ife timakhala ndi kothawira, ukakwiya umapita kukuka, agogo amakusiya ulankhule zonse mpaka utope, kenako ati chabwino wamva njala, dya mbatata iyi, mawa ukawapepese amako. Iwe ukakwiya upita kuti, pabalaza pomwepo maso ndi maso. Nde usadzione ngati mwana woipa, ndipo iwonso si mfiti. Akamakalipa za mbale si mbale ayi. Aona thupi lako lasintha, amva mmene a kabaza apasiteji amakuitanira ukamadutsa ndi yunifomu, mantha awagwira, koma pakamwa pawo mawu enieniwo sangatuluke, nde amatulukira pa mbale.

Kulirako nakonso nkwa msinkhu, makamaka masiku oyandikira kumwezi. Thupi limathamanga kukula, nzeru zimabwera pambuyo pang'onopang'ono, a zaumoyo amati ubongo umamaliza kukhwima cha mma 25, nde pakati apa mtima umangoti lero chimwemwe mawa maliro. Zimadutsa. Pokhapokha ngati chisonicho chakhala masabata, chakudya osalowa, tulo osabwera, kapena maganizo odzipweteka akubwera, pamenepo usakhale chete, uza munthu wamkulu tsiku lomwelo, ndipo kuchipatala cha St John of God konkuno kuli anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo yomvetsera.

Chimene chimandiwawa ine nchoti kuka kwanu ana inu ndi foni. Mwadzifunditsa bulangete kuwala kuli ngwee kumaso, mukufunsa TikTok zimene mukanafunsa agogo, ndipo amene akukuyankhaniyo sadziwa olo dzina la mayi anu, mawa mukalira sadzabwera. Kaya ndi ukalamba wangawu. Kumpingo amayesetsa ndithu, amayi a Umanyano, a Chigwirizano, a Mvano, amasonkhanitsa atsikana kuchilangizo ndipo ine ndakhalapo mlangizi zaka zambiri, sindinyoza. Koma atsikana odzaza holo tsiku limodzi, mandasi ndi Fanta, 4 koloko aliyense kwawo, ndani angaimike dzanja pagulu chonchija nkufunsa za kabudula wake wamkati? Kuka sikunali tsiku limodzi, kunali usiku uliwonse zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, funso umafunsa tsiku limene lakufikira. Enanso amadikira mpaka bridal shower kuti amulangize mwana, ha, mwana wake uti pamenepo.

Usandimve ngati ndikuti zakale zonse zinali zokoma. Kunali madera ena kumene namwali akatuluka amamuuza zokasasa fumbi, ena kumulowetsera fisi usiku, zimenezo ndi zonyansa ndipo zapha ana ambiri ndi matenda, munthu aliyense akadzakuuza zoti kuti ukule bwino kapena ziphuphu zithe ugone ndi mwamuna, ameneyo ndi wabodza, ukamunene. Inenso sukulu ndinalekezera Sitandade 5, fizi amalipirira alongo anga, paja pulayimale yaulere yabwera mu 1994 ine ndili kale ndi zidzukulu, ndipo pa 17 ndinali pabanja. Lero lamulo la 2015 lija likuti ukwati ndi zaka 18, mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti makolo asamavomereze mwana wochepera apo, ndipo ine pamenepo ndimaomba mmanja. Koma lamulo silikugoneka usiku. Dziwa kuti poti wayamba kusamba, kamodzi kokha nkokwanira kutenga mimba. Inde amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka, ndawaona akubwerera, koma ndawaonanso akuwerenga mayeso a JCE mwana ali kubere.

Alongo akowo nawonso posachedwa mawu ayamba kusweka, lero besi mawa ngati kamwana, kudya ngati dzombe, kudzuka mmawa kabudula atanyowa ndi maloto nkumabisa mwamanyazi. Si nkhani yako imeneyo ndipo usadzawaseke, amafunika atsibweni awo kapena bambo wina wodalirika. Nchifukwa chakenso mphasa imodziyo yatha nthawi yake. Ndikudziwa lendi mmene yakwerera, sindikuweruza makolo ako, olo kutchinga kona imodzi ndi chitenje pa chingwe kuti pakhale pako, mayi ako sangakane ukawapempha bwino atakhuta, osati mkati mwa mkangano.

Nde azakhali a ku Luwinga aja, Chibavi ndi Luwinga mpaka kudikira Khirisimasi, ngati ndi ku Nsanje? Loweruka likubwerali uwapemphe mayi ako kuti ukagone kumeneko, ndalama ya mafuta ija ugule shuga wa paketi imodzi uwatengere. Usakayambe ndi mafunso ayi, ukawathandize kusenda mbatata, kutsuka mbale, foni ikhale mchikwama. Ana akagona nde ungonena kuti azakhali ine ndinakula, chaka chatha mwezi wakuti, sindinauze munthu. Akakhala kaye chete, mwina akalipa pang'ono kuti bwanji osanena, kenako ayamba okha. Ngati iwowo ndi ouma pakamwa, pa layini yanu pomwepo sipangalephere gogo mmodzi amene amakuyankha bwino ukamupatsa moni, umuyese ameneyo. Utenge juzi ndi masokosi, ndipo chitenje usaiwale, osakafika kwa azakhali ndi kabuluku kako kothina kaja.