Zolembedwa za misonkhano ya mabishopu akale: muzikhulupirire mpaka pati?

Achimwene, mwafunsa ngati zolembedwa za misonkhano ya mabishopu akale n'zodalirika pa pepala lanu la ku seminale. Zambiri n'zodalirika, koma musaziponye zonse m'dengu limodzi. Chikalata chilichonse muzichifunsa kuti anachilemba ndani, m'chinenero chanji, ndipo chadutsa m'manja mwa yani chisanakupezeni.

Yambani mwadziwa kuti misonkhano ina ilibe maminitsi. Wa ku Nicaea wa 325 unatisiyira chikhulupiriro, malamulo 20 ndi makalata ochepa basi. Ngakhale chiwerengero cha mabishopu chimasiyana: Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo amene analipo pa msonkhanowo, akuti anapitirira 250, pomwe 318 yotchukayo inabwera pambuyo pake, ndipo akale omwe ankaifanizira ndi anyamata 318 a Abrahamu a pa Genesis 14:14. Nkhani yoti ku Nicaea anasankha mabuku a m'Baibulo musaiike n'komwe, chifukwa palibe mboni ya nthawiyo imene inaitchula.

Pamene maminitsi alipo, kumbukirani kuti amene anapambana mkangano ndiye ankasunga mabuku. Ku Chalcedon mu 451 anawerenga poyera maminitsi a msonkhano wa ku Ephesus wa 449, mabishopu n'kuyamba kudandaula kuti anawasainitsa pa mapepala opanda kanthu. Stephen wa ku Ephesus anafotokoza kuti alembi a Dioscorus, bishopu wa ku Alexandria amene ankatsogolera msonkhano wa 449, anafufuta zimene alembi a Stephen analemba, mpaka anatsala pang'ono kuwathyola zala powalanda zolembera. Koma dandaulo limeneli nalonso muliwerenge mosamala, pakuti odandaulawo ankafuna kudziyeretsa pa zimene anavomera zaka ziwiri m'mbuyomo.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi chinenero. Msonkhano wa ku Lateran wa 649 unachitikira ku Rome, ndipo aliyense ankaganiza kuti maminitsi ake a Chilatini ndiwo oyambirira. Katswiri wina, Rudolf Riedinger, anaonetsa kuti mbali yaikulu inayamba kulembedwa m'Chigiriki ndi amonke a gulu la Maximus the Confessor, kenaka n'kumasuliridwa. Choncho mawu ataliatali amene aikidwa m'kamwa mwa mabishopu musawatenge ngati analankhulidwa pomwepo kuchokera m'mutu. Za msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea wa 787 n'zomvetsa chisoni kwambiri. Chigiriki chinasiyanitsa ulemu woperekedwa kwa zithunzi ndi kupembedza koyenera Mulungu yekha, koma womasulira m'Chilatini anasokoneza ziwirizi. Akatswiri a mfumu Charlemagne atawerenga anaona ngati Agiriki akupembedza mafano, ndipo msonkhano wa ku Frankfurt wa 794 unatsutsa zimenezo. Anastasius Bibliothecarius, woyang'anira mabuku a papa, anadzamasuliranso bwino cha m'ma 873, madzi atafika kale m'khosi.

Musaganize kuti akalewo ankangomeza chilichonse. Ku Constantinople mu 680 ndi 681 anatulutsa mabuku a msonkhano wa 553 n'kupeza kuti wina analowetsamo kalata yoti ndi ya Menas, bishopu wamkulu wa ku Constantinople, yopita kwa Papa Vigilius. Anaigwira bwanji? Masamba olowetsedwawo analibe manambala monga ena onse, komanso Menas anamwalira mu 552 msonkhanowo usanayambe. Njira yomweyi ikuthandizani inunso: onani masiku, onani ngati munthuyo anali moyo, yerekezani makope awiri kapena atatu.

Tsono pogwira ntchito chitani motere. Malamulo ndi ziganizo za chiphunzitso muzidalire kwambiri, chifukwa zinakopedwa m'malo ambiri ndipo n'zosavuta kuyerekeza. Malipoti a zokambirana muziwasefa, ndipo mayina ndi ziwerengero za osaina muziwakayikira koposa, poti okopera ankalumpha mizere ndi kubwereza mayina. Mabuku a Mansi, amene anasonkhanitsa zolembedwa za misonkhanoyi, a m'zaka za m'ma 1700, amene amapezeka mosavuta pa intaneti, ndi abwino pofufuzira koma anasakaniza zenizeni ndi zokayikitsa. Potchula mawu gwiritsani ntchito mabuku a zolembedwa za misonkhano otchedwa Acta Conciliorum Oecumenicorum amene anayambitsa Eduard Schwartz, kapena zomasulira za Chingerezi za Richard Price, amene anatulutsa za Chalcedon pamodzi ndi Michael Gaddis mu 2005. Mukakumana ndi kalata ya papa wa m'zaka zoyambirira imene ikungopezeka m'buku la Pseudo-Isidore la m'zaka za m'ma 800, lodzaza ndi makalata opeka, isiyeni kaye mpaka mutaipeza m'buku lina lakale kuposa limenelo.