Malo a galaji yosiyidwa ku Kapata: kalata ya a khansala simungamangire

Amayi, imitsani kaye kuumba njerwa ndi kukumba maziko. Mwalemba kuti gulu lanu la amayi ku Kapata, mumzinda wa Chipata, linapeza ploti pamene kale panali galaji ndi pampu ya mafuta, yosiyidwa zaka zoposa 10 mpaka kusanduka dzala. A khansala anakupatsani kalata yodinda yoti muzigwiritsa ntchito malowo, inu mwalambula, mwayamba dimba, ndipo mukufuna kupempha ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'dera) kuti mumange shedi yogulitsiramo. Tsopano kwatulukira mphwake wa malemu mwini malo, ali ndi fotokope ya taitolo m'manja, akuti muchoke. Mukufunsa ngati zaka zimene malowo anagona, ndi thukuta lanu, sizikukupatsani mphamvu.

Pa lamulo sizikukupatsani. Gawo 35 la Lands and Deeds Registry Act limanena kuti malo akakhala ndi satifiketi ya taitolo, wina sangakhale mwini wake chifukwa chokhalapo kapena kuwagwiritsa ntchito, zaka zichuluke bwanji. Gawo 33 limati taitolo ndi umboni wokwanira wa umwini, ndipo makhoti amaigwetsa pa zifukwa zowerengeka, monga chinyengo kapena kulakwitsa pomwe inkaperekedwa. Kalata ya a khansala ilibe mphamvu pamaso pa taitolo. Malinga ndi Lands Act ya 1995, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, ndipo amene amagawa malo a boma m'dzina lake ndi Commissioner of Lands. Khonsolo imangogwira ntchito m'malo mwake: kulengeza maploti, kufunsa ofuna malo, ndi kutumiza maina. Khansala mmodzi payekha alibe ngakhale mphamvu imeneyo. Zimandikwiyitsa kuti anthu amene anaphunzitsidwa zimenezi atangosankhidwa amapitiriza kudinda makalata otere, kenaka mlandu ukabuka osaonekanso, otsala ndi amayi amene anasonkha ndalama za simenti.

Ndikudziwa zimene ena akuuzani kale: boma lilande malowo popeza mwini wake analephera kuwasamala, likupatseni inu. Njira imeneyo ilipodi, ndipo mpamene ndaona magulu ambiri akutaya zonse.

Taitolo ya malo a boma ndi lendi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo ili ndi mapangano ake: kumangapo, kusamala malo, kulipira ground rent (ndalama ya lendi imene mwini malo amalipira ku boma). Mwini akaphwanya mapanganowo, gawo 13 la Lands Act limalola boma kutenganso malo, zimene ku Lands (unduna wa za malo) amati re-entry. Koma pali ndondomeko. Mwini malo ayenera kupatsidwa chidziwitso cha miyezi 3 chomuuza kuti boma likufuna kutenga malo, ndi kumupempha kuti afotokoze mbali yake. Akapanda kuyankha, kapena yankho lake likapanda kukhutiritsa, satifiketi ya re-entry imalembedwa m'kaundula. Akakhala wosakhutira ali ndi masiku 30 okadandaula ku Lands Tribunal, bwalo loweruza milandu ya malo.

Msampha uli pa chidziwitso chija. Mu 2006 Supreme Court inagamula kuti mmene chidziwitsocho chaperekedwera ndi pamene pagona zonse zotsatira, ndipo umboni wake nthawi zambiri ndi kalata ya rejisitala yotumizidwa ku adiresi yomaliza yodziwika ya mwini malo. Chidziwitso chikapanda kuperekedwa moyenera, kulanda malo kuja sikuwerengedwa, ndipo kuwapereka kwa munthu wina nakonso kumagwa. Tsono taganizani za malo anuwa. Mwini wake anamwalira. Bokosi la ku positi lolembedwa pa fayilo mwina linatsekedwa kalekale. Kalatayo ingalembedwe kwa ndani, ailandire ndani? Ndaonapo gulu litalandira offer letter (kalata ya boma yolipatsa malo), kulipira zonse, kumanga mpaka kufolera malata, kenaka ana a malemu n'kufika ndi loya wawo kudzafunsa funso limodzi lokha: umboni woti bambo athu kapena woyang'anira chuma chawo anadziwitsidwa uli kuti? Mu fayilo munalibe. Gululo silinabe kanthu, silinapereke chiphuphu, koma linachoka pamalopo, ndipo nkhani yobwezeredwa ndalama za nyumba inakhala mlandu wina wautali. Khoti likhoza kulamula kuti mubwezeredwe zina mwa zimene munamanga, likhozanso kukana, makamaka zikaoneka kuti munapitiriza kumanga mutamva kale kuti malo ali ndi mwini. Inu mwamva kale, chifukwa mphwakeyo wabwera. Njerwa iliyonse imene muyike kuyambira lero ndi yovuta kuiteteza.

Choncho wina akadzakuuzani kuti malowo analandidwa kale, musakhutire ndi mawu. Pemphani kuona, kapena loya wanu aone, kope ya chidziwitso, tsiku limene chinalembedwa, dzina ndi adiresi kumene chinapita, risiti ya ku positi, ndi tsiku limene re-entry inalowa m'kaundula. Werengani nokha ngati miyezi 3 inakwana. Dziwaninso kuti ngakhale zonse zitayenda bwino, malo amabwerera ku boma osati kwa inu. Akhoza kulengezedwa kuti aliyense apemphe, ndipo ploti ya m'tauni muno ofuna ndi ambiri, ena a matumba akuya. Kulambula kwanu kungakuthandizeni pochonderera, koma lamulo silikulonjezani kuti mudzakhala oyamba.

Mphwakeyo nayenso asakuopseni ndi fotokope. Kukhala ndi pepala m'manja si kukhala ndi ulamuliro pa chuma cha masiye. Pa mwambo wathu mwana wa mlongo amadziona ngati wolowa m'malo mwa amalume ake, koma malo a taitolo satsata mwambowo. Ngati malemu sanasiye wilu, Intestate Succession Act ya 1989 imagawa motere: 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo, 10 kwa amene ankadalira malemu. Mphwa akhoza kupezeka kuti alibemo gawo. Mufunseni mwaulemu akuonetseni kalata ya khoti yomuika kukhala woyang'anira chumacho, ndipo pa chuma chokhala ndi malo a taitolo ine ndimakhulupirira kalata yochokera ku High Court, imene ilipo konkuno ku Chipata. Ngakhale ali woyang'anira weniweni, sangagulitse malo a masiye popanda chilolezo cha khoti. Musamupatse ndalama iliyonse, kaya aitche ya lendi kaya ya chipepeso. Achibale amene anasiya malo awole zaka 10 n'kuwakumbukira ataona alambulidwa ndawaona ambiri, ndipo kawirikawiri pambuyo pa woyambayo pamabwera wina.

Komabe, mwa njira zonse, imene ndikuona kuti ingayende ndi kukambirana ndi woyang'anira wovomerezeka kuti akubwerekeni malowo pa lendi yolembedwa. Lendi yopitirira chaka chimodzi iyenera kulembetsedwa ku kaundula wa malo pa nthawi yake, apo ayi ilibe mphamvu. M'panganolo mulembe momveka kuti zimene mudzamange zidzakhala za ndani lendi ikatha.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi dimba. Pamalo pamene panali galaji ndi pampu, pansi pakhoza kukhala matanki a mafuta, oyilo wakuda amene ankatayidwa pansi, ndi mtovu wa mabatire. Mtovu suwola. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero dothi la m'makomboni ozungulira likudwalitsa ana. Galaji imodzi si mgodi, koma repu ndi chibwabwa zolimidwa pa dothi lotero, ndi fumbi limene ana amaseweramo, si zoseweretsa. Lekani kudya ndi kugulitsa ndiwozo mpaka dothi liyezedwe, ndipo oyezawo muwauze kuti mukufuna aone mtovu ndi mafuta, chifukwa kuyeza kwa alimi koona chonde sikuonetsa zimenezi.

Apa palinso za lamulo. Environmental Management Act ya 2011 imayendera mfundo yoti woipitsa ndiye alipire, koma a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, akamalamula kuti malo akonzedwe akhoza kulembera mwini malo, amene anaipitsa, ngakhalenso amene akulamulira malowo panthawiyo. Mwini galaji kulibe. Mukalowa mwakachetechete, kukumba n'kuboola tanki, mafuta n'kulowa m'zitsime za anansi, dzina limene lidzapezeke pafupi ndi la gulu lanu. Lemberani a ZEMA tsopano, muwauze zimene mwapeza, mujambule zithunzi zokhala ndi tsiku, musunge kope yodindidwa ya kalatayo. Umenewo ndiwo umboni woti zoipazo munazipeza. Ndipo anyamata a zitsulo zakale asayerekeze kudula tanki ndi moto, chifukwa tanki yopanda mafuta imakhala ndi mpweya wophulika.

Zotsalazo n'zachidule. Pezani nambala ya ploti ku dipatimenti ya mapulani ya Chipata City Council, mukachite sechi (kufufuza m'kaundula wa malo) ku Lands kuti muone dzina lenileni la mwini, ngongole ya ground rent, komanso ngati banki inagwira taitolo kapena wina anaikapo caveat (chiletso cholembedwa m'kaundula ndi munthu wonena kuti ali ndi gawo pa malowo). Banki ikakhalapo, zokambirana zanu zonse zimadutsa kumeneko. Gulu lanu lilembetsedwe mwa njira yoti likhoza kukhala ndi malo m'dzina lake, monga kopaletivu kapena matrasti (anthu osunga katundu m'dzina la gulu) pansi pa Land Perpetual Succession Act, ndipo mapepala asalembedwe m'dzina la atcheya kapena munthu mmodzi aliyense. Kusintha galaji kukhala msika kumafuna chilolezo cha mapulani pansi pa Urban and Regional Planning Act ya 2015. Pempho la CDF lidikire mpaka nkhani ya umwini itayera, chifukwa ndalama za boma zikamangidwira pa ploti ya munthu mudzafunsidwa ndinu. Za zinyalala ndi udzudzu, kadandauleni kwa oona za umoyo ku khonsolo, popeza Public Health Act imawalola kulamula mwini malo kuti achotse zonyansazo.

Ngati gulu lilibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Board ku Chipata mutanyamula kalata ya a khansala, zotsatira za sechi, ndi malisiti onse a zimene mwagula. Mphwakeyo akabweranso mlandu usanayambe, musakangane naye ndipo musasaine pepala lililonse. Mupempheni alembe zofuna zake, aikepo dzina la khoti limene linamuika kukhala woyang'anira.