Za mababu a LED pa Land Cruiser yakale

Achimwene, mwafunsa ngati LED ingalowe pa Land Cruiser yanu yakale ija. Yang'anani kaye nyali. Ngati ndi sealed beam ya mainchesi 7, babu silichoka, musintha nyali yonse n'kuika ya H4, yomwe babu lake limachoka.

Pomanga, timagetsi ta babulo tikhale pomwe pamakhala filamenti, kawaya koyaka ka m'babu wamba, tiloze kumanzere ndi kumanja. Apo ayi, muzithobwa anzanu m'maso pa M1. Toyota zambiri zakale zimayatsa nyali kudzera ku negative, ndiye bright ikakana, ikani relay harness, mawaya okhala ndi relay otengera magetsi ku batire kupita ku nyali.

Kuwala koyera mbee kwa 6000K kumakubwererani m'chifunga cha ku Dedza kuno, bola kwachikasu pang'ono kwa 4300K. Mukamaliza, imikani galimoto mamita 10 kuchokera pakhoma, kuwala kwa dim pakhomapo kutsike masentimita 10 kuchokera pa msinkhu wa nyali.